Jombo imodzi ya ku Zwartkops ndi ulendo wa kumudzi: zingatheke?

Bambo a Tadala (Tembisa): Moni nonse a pagulu. Ndili ndi funso la jombo, ndithandizeni ndisanawononge ndalama. Ndimayendetsa njinga yamoto ya Yamaha MT-07. Mwezi wa mawa ndalembetsa track day (tsiku loyendetsa njinga yako pa bwalo la mpikisano) ku Zwartkops, pafupi ndi Pretoria, m'gulu la oyamba kumene, ndipo mu December ndikufuna kupita kumudzi pa njinga yomweyi, kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka kukalowera ku Mwanza. Pakadali pano ndimavala nsapato za kuntchito zachitsulo kutsogolo zija. Ndalama ya mapeyala awiri ndilibe. Kodi ilipo jombo imodzi yoti n'kugwira ntchito ziwirizi, kapena ndingosankha mbali imodzi, kwinako ndikapirire?

Mdala wa GS (Randburg): Mwaswera bwanji a bambo a Tadala. Yambani mwawerengera nthawi. Ku Zwartkops mukakhala tsiku limodzi, ndipo pa njinga penipeni mudzakhala mphindi zochepa, n'kutsika, n'kudikira gulu lanu liitanidwenso. Kumudzi ndi makilomita pafupifupi 1,700 kupita kokha, ndipo pa Beitbridge mudzaima pamzere ndi mapazi anu omwewo. Ine ndingati gulani jombo ya ulendo yabwino, yaitali, yosalowa madzi. Gulu la oyamba kumene salithamangitsa ngati mpikisano.

Nangozo (Centurion): Madala, ndikupatsani ulemu wanu, koma pamenepa sindikugwirizana nanu. Woyamba kumene ndi amene amagwa mosakonzeka. Amalowa pakona mothamanga kuposa m'mene amaganizira, mantha amugwira, wagwira buleki yakutsogolo njinga ili chopendekera, basi ali pansi. Ndipo chimene chimapweteka phazi si liwiro lokha ayi. Ndi njinga ya makilogalamu oposa 180 ikagwera pa akakolo, kapena phazi likakodwa pansi thupi likupitirira kugubuduka. Jombo ya ulendo yofewa imateteza khungu kuti lisasupuke, koma sikaniza phazi kupotoka.

Bambo a Tadala (Tembisa): Ndiye achemwali, nsapato zanga zachitsulozi sizikwanira olo pa tsiku limodzi lokhalo?

Nangozo (Centurion): Musayese n'komwe. Poyamba afunseni okonza tsikulo malamulo awo, chifukwa ambiri amafuna jombo yophimba akakolo mokwanira, ndiponso kuti pasaoneke khungu pakati pa jombo ndi thalauza lachikopa. Akhoza kukubwezani pageti mutalipira kale.

Chachiwiri, ndikuuzeni chimene ine ndimayamba kuona ndisanayang'ane dzina la kampani. Pindani mkati mwa jombo muwerenge kansalu kamene kasokeredwa m'menemo. Pakhale chithunzi cha munthu ali pa njinga yamoto, palembedwe EN 13634:2017, kenako manambala anayi, iliyonse 1 kapena 2. Yoyamba ikunena za kutalika: 1 ndi yaifupi yongophimba akakolo, 2 ndi yaitali yofika pa msongolo. Yachiwiri ndi kupirira kwake ikamakhulika pa phula. Yachitatu ndi kulimba kwake chinthu chakuthwa chikafuna kuiboola kapena kuidula. Yachinayi ndi imene anthu ambiri saidziwa koma ndi yofunika kwambiri kwa inu: amaipanikiza soli kuchokera m'mbali zonse ziwiri kuti aone ngati ingaphwanyike njinga itaigwera. Kuti ipeze 1 iyenera kupirira mphamvu ya 1 kN (ngati kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 100), kuti ipeze 2 iyenera kupirira 1.5 kN. Inuyo funani 2 2 2 2.

Pambuyo pa manambalawo pamatha kukhala zilembo zoonjezera. IPA ndiye kuti zotetezera akakolo anaziyesa pozimenya, IPS ndi za pa msongolo, WR ndiye kuti anaiyesa kuti madzi sakulowa, FO ndi soli yosawonongeka ndi petulo ndi oyilo. Nsapato zanu za kuntchito zili ndi muyeso wina, wa 20345, umene cholinga chake chachikulu ndi kuteteza zala chinthu cholemera chikagwa kuchokera kumwamba. Ntchito yake ndi ina.

Makanika wa ku Chipata: Ndionjezeko pa za nsapato za kuntchito. Vuto limene ine ndimaliona pa galaja ndi zingwe. Munthu akufika pa roboti, akufuna kutsitsa phazi lakumanzere, chingwe chakola chosinthira giya, phazi silikufika pansi, njinga yagwa ataima. Kachiwiri kutsogolo kwake n'kokhuthala kwambiri, kulowetsa pansi pa chosinthira giya kumavuta, ndiye munthu amayamba kukweza mwendo wonse posintha giya.

Mdala wa GS (Randburg): Za kansaluko ndikuvomereza, anaphunzitsa bwino a Nangozo. Koma nazonso jombo za ulendo zabwino zimakhala ndi 2 2 2 2 yomweyo. Ndiye mfundo yanga ikuimabe.

Nangozo (Centurion): Zoona madala, ndipo apa ndi pamene muyesowo umathera. Suyesa kupotoka kwa akakolo, suyesanso ngati phazi lingapindikire kutsogolo kapena kumbuyo mopyola malire. Jombo ziwiri zikhoza kukhala ndi manambala ofanana, ina ili ndi chogwira akakolo cholimba, ina ilibe. N'chifukwa chake za mpikisano zimamangidwa mosiyana. Alpinestars Supertech R ili ndi kajombo kena mkati kamene mumavala kaye, n'kulowetsa mu yakunjayo. Dainese ali ndi zina zolowa mkati mwa suti yachikopa, zokhala ndi chogwira cholimba chopindikira pa akakolo. Sidi amaika zogwira zapulasitiki kunja, zomangidwa ndi timasikuluwu, ndipo chidendene chimakhala m'kabokosi kolimba. Onsewa akufuna chinthu chimodzi: phazi lizipita m'mwamba ndi pansi kuti musinthe giya ndi kuponda buleki, koma lisapite cham'mbali.

Bambo a Tadala (Tembisa): Supertech R ndinaiona m'shopu. Mtengo wake ndinangoibwezera pa shelefu mwaulemu.

Nangozo (Centurion): Simukuifunanso. Imeneyo ndi ya anthu amene amakhala pa bwalo mwezi ndi mwezi. Ndaitchula kuti muone m'mene chitetezo chenicheni chimaonekera, kenako mukafune yotsikirapo imene yatengerako nzeru zomwezo.

Wosoka Nsapato (Limbe): Zikomo a pagulu, ine njinga yanga ndi yaing'ono koma nsapato ndi ntchito yanga. Pali kuyesa kumene mungachite m'shopu ndi manja okha. Gwirani kutsogolo ndi dzanja limodzi, chidendene ndi dzanja lina, mupotoze ngati mukufinya chovala chochapa. Ikapotoka mosavuta, phazi lanunso lidzapotoka chomwecho. Kenako finyani chidendene ndi zala: chikabonyoka, mulibe kanthu m'menemo. Pomaliza pindani soli. Ipindike pang'ono pamene pamathera zala, koma pakati pa phazi pakhale poti gwa, chifukwa pamenepo pamayenera kukhala kachitsulo kapena kapulasitiki kolimba mkati mwa soli. Kameneko ndi kamene kamanyamula thupi lanu mukaimirira pa zopondera.

Mayi a ku Leeds: Moni abale. Kuno mvula ndi ya chaka chonse, ndiye ndilankhuleko za madzi. A bambo a Tadala, pakati pa zimene akunena madala ndi zimene akunena achemwali pali jombo zapakati. Alpinestars SMX-6 imapezeka ya mitundu ingapo: yamabowo olowetsa mphepo, ina yokhala ndi Drystar, ina ya Gore-Tex (tinsalu tamkati totsekereza madzi). Ili ndi chogwira akakolo kunja, chotetezera msongolo, ndi ma slider a kuzala osinthika (tizidutswa totereka jombo ikakhudza phula). Makampani ena monga TCX ndi Dainese alinso ndi zofanana nazo. Anthu ambiri kuno amayendera zimenezi mumsewu n'kupitanso nazo ku track day. Kuyenda nazo wapansi sikukoma ngati ya ulendo, zina zimalira kwiikwii mukamayenda, koma n'zopiririka.

Chimodzi chokha: jombo yosalowa madzi imagwira ntchito thalauza likakhala kunja kwake. Mukalowetsa thalauza mkati, mvula imatsika ndi mwendo n'kudzaza jombo, ndipo kansalu kamene kamatsekereza madzi kunja kamawatsekerezanso mkati. Ndiye onani ngati thalauza lanu la mvula lingakwane pamwamba pa jombo yokhala ndi mapulasitiki a pa msongolo.

Mdala wa GS (Randburg): Amayi, ku Leeds Gore-Tex ndi mfumu, sindikutsutsa. Koma munthuyu akudutsa ku Tete. Amene anayendapo chigwa cha Zambezi nyengo yotentha akudziwa kuti kumapyola madigiri 40, ndipo mphepo imene imakuombani mukuthamanga imakhala yotentha. Kansalu ka Gore-Tex kamatulutsa thukuta bwino kunja kukakhala kozizira ndi kouma kuposa mkati mwa jombo. Kunja kukatentha n'kukhalanso chinyontho, thukuta limangokhala momwemo. Mukafika pa boda ya Cuchamano polowera ku Mozambique sokosi zili chonyowa ngakhale mvula sinagwe.

Mayi a ku Leeds: Ndiye madala mwadzitsutsa nokha, paja munayamba ndi kunena kuti agule yosalowa madzi.

Mdala wa GS (Randburg): Ayi amayi, ndikunenabe yosalowa madzi, chifukwa December ndi dzinja. Kuchokera ku Masvingo kupita ku Harare mvula ikhoza kukupezani masana aliwonse, ndipo mukakwera mapiri a Zóbuè kulowa ku Mwanza kumasintha nyengo nthawi yochepa. Phazi lonyowa ndi mvula tsiku lonse limachita matuza. Chimene ndikunena n'choti asayembekezere kuti kansaluko kamupulumutsa ku kutentha. Atenge sokosi zambiri, zosakhala za thonje, azisintha masana. Pamene waima kumwa madzi avule jombo mapazi apume. Ndipo aigule yosathina, chifukwa mapazi amatupa ukakhala pa njinga tsiku lonse padzuwa.

Nangozo (Centurion): Pa zosathinazo ndichenjezeko. Yosathina sikutanthauza yokhwepa. Chidendene chikamanyamuka mkati mukamayenda, zotetezera zonsezo sizikhala pamalo pake nthawi ya ngozi, ndipo jombo yokhwepa imatha kuvuka njinga ikamakukokani. Zala zizitha kugwedezeka, chidendene chikhale chogwidwa.

Achimwene a Kabaza (Mchesi): Mabwana, ndakhala ndikuwerenga chamumtima. Nkhani yanu ndi yabwino koma ife a kabaza tili kutali nayo. Jombo imodzi mwa zimene mukutchulazo ndi ndalama ya miyezi ingapo ya ntchito yanga, ndipo njinga si yanga, madzulo aliwonse ndimapereka ya bwana. Pa siteji pathu ambiri amavala ma silipasi kapena nsapato za mpira za pa kaunjika. Kukagwa mvula, jombo za labala zakumunda. Ife titani?

Mayi a ku Leeds: Achimwene, funso lanu ndi lalikulu kuposa la track day. Ndisanabwere kuno ndinagwira unamwino pa chipatala china kumudzi, ku wodi ya amuna othyoka mafupa. Mapazi a anthu a njinga zamoto ndinawaona. Chovuta kwambiri si fupa lothyoka lokha, koma fupa lothyoka khungu litang'ambika, fumbi ndi mchenga zitalowa. Pa akakolo ndi pa msongolo palibe mnofu wophimba fupa, ndiye bala la pamenepo limachedwa kupola, ndipo likalowa matenda munthu amakhala miyezi osagwira ntchito. Nsapato iliyonse yachikopa yokwera kupitirira akakolo, yomangidwa bwino, imasintha kwambiri nkhani imeneyi. Siingaletse fupa kuthyoka nthawi zonse, koma bala lotseguka imaliletsa kawirikawiri.

Ndipemphenso za amene mumawanyamula. Chidendene cha wokwera kumbuyo, makamaka mwana, chikalowa mu masipoko a gudumu lakumbuyo, chimasupuka mpaka pa mtsempha. Onetsetsani kuti zopondera zakumbuyo zilipo zonse ziwiri ndipo phazi lili pamenepo musananyamuke. Ndiponso ekizosi imaotcha katumba wa mwendo wakumanja potsika. Muziwauza atsikire kumanzere.

Achimwene a Kabaza (Mchesi): Zikomo amayi. Za ekizosi zimachitikadi, makamaka kwa amayi ovala chitenje akamatsika mofulumira.

Makanika wa ku Chipata: Kwa inu a kabaza, nsapato za kuntchito zimene tamukaniza mnzathu wa ku Tembisa zija ndi zabwino kutalitali kuposa silipasi. Tinamukaniza chifukwa akupita pa bwalo. Inuyo mukazipeza pa salaula, tengani zazitali, zingwe muzimanga kawiri n'kuzibisa mkati. Chosinthira giya chimamasulidwa n'kukwezedwa pang'ono kuti phazi lilowe bwino, ndi ntchito ya sipanala imodzi. Jombo za labala zokha ndiye ayi. Zimavuka msanga pa ngozi ndipo mkati mwake phazi limangosambira.

Wosoka Nsapato (Limbe): Pa kaunjika pakhale kusamala. Nsapato zambiri za kuntchito ndi jombo zina za njinga zili ndi soli ya PU, mtundu wa pulasitiki yofewa. Soli imeneyi ikakhala zaka osavalidwa, makamaka pachinyontho, imaola mkati ngakhale kunja ikuoneka yatsopano. Anthu amabwera nazo kwa ine atangovala sabata imodzi, soli yanyenyeka yonse, ndipo guluu sagwira pa chinthu chonyenyeka. Musanalipire kandani m'mbali mwa soli ndi chikhadabo mwamphamvu, muipindenso. Ikamatuluka timibulu kapena ikamamata ku chala, isiyeni. Yosokedwa ndi ulusi kuzungulira ndi imene ine ndimatha kuisinthira soli ina. Ndikhozanso kusokera kachikopa pamwamba pa phazi lakumanzere pamene pamakhula chosinthira giya, kuti pasabooke msanga.

Achimwene a Kabaza (Mchesi): Imeneyo ya chikhadabo ndikawauza anzanga pa siteji mawa.

Bambo a Tadala (Tembisa): Nkhani ya zogwiritsidwa kale ntchito yandikhudza inenso. Pa Facebook ndikuona anthu akugulitsa jombo za mpikisano pa theka la mtengo. Ena akugulitsa zatsopano m'bokosi zotchipa modabwitsa. Ndizikhulupirire?

Nangozo (Centurion): Zatsopano zotchipa modabwitsazo zithaweni. Zachinyengo zilipo zambiri, dzina la kampani amalemba bwinobwino, ngakhale chizindikiro cha CE chosonyeza kuti yakwaniritsa muyeso wa ku Ulaya amadinda, koma pulasitiki yake ndi yopyapyala ndipo chogwira akakolo chimangokhala chokongoletsa. Mnzathu wina anagulapo kwa munthu wa pa intaneti, titaifinya chidendene chinagonja ndi zala ziwiri.

Zogwiritsidwa kale ntchito zenizeni zikhoza kukhala zabwino, chifukwa ambiri amagula zida zonse, kupita ku bwalo kangapo, n'kusiya. Pitani mukazione ndi maso. Ma slider otha si vuto, amasinthidwa. Choopsa ndi pulasitiki yosweka pa akakolo kapena pa chidendene, ulusi wodukaduka, zipi yolumpha mano, ndi chikopa chokhulika mbali imodzi yonse, chimene chikusonyeza kuti inagwapo kwambiri. Funsaninso kuti inagulidwa liti. Ubwino wa Sidi pa nkhani imeneyi ndi woti zidutswa zambiri zakunja zimamasulidwa n'kugula zina.

Mdala wa GS (Randburg): Yosalowa madzi yogwiritsidwa kale ntchito ndiye musaikhulupirire pa za madzizo. Kansalu kamkati kamayamba kung'ambika pamene phazi limapindika, ndipo ndi maso simungaone.

Mnyamata wa KTM (Cape Town): Bwanji osangogula ya adventure, ngati Forma Adventure kapena Sidi Adventure 2? Ndi zazitali, zolimba, zosalowa madzi, ndipo akafika kumudzi misewu yafumbi ndi matope ili pomwepo. Ine ndimavala yotero kulikonse.

Nangozo (Centurion): Pa ulendo ndi yabwino, achimwene, pa bwalo ayi. Pa bwalo timaponda chopondera ndi kutsogolo kwa phazi, pansi pa zala, ndipo phazi limasuntha pakona iliyonse. Soli ya adventure ili ndi mano akuluakulu amene amakola pa chopondera. Kutsogolo kwake n'kokhuthala, buleki yakumbuyo simuimva bwino, ndipo ilibe slider, choncho ikakhudza phula mutapendekera imagwira m'malo moterereka, phazi n'kukankhidwira kumbuyo. Zwartkops ndi bwalo lalifupi, makilomita 2.4 okha, makona amabwera motsatizana, mapazi sapuma. MT-07 nayonso zopondera zake sizili m'mwamba kwambiri ngati za njinga za mpikisano, ndiye munthu akayamba kuzolowera, zala kukhudza pansi si zachilendo, makamaka akaiwala n'kusiya phazi litaloza kunja.

Mnyamata wa KTM (Cape Town): Ndamva achemwali. Ine ku bwalo la Killarney ndimangokaonerera, sindinalowepo.

Mdala wa GS (Randburg): Ndikufuna nditchule Daytona, ya ku Germany, kuti amene akuwerenga adziwe kuti iliko. Road Star GTX ndi jombo ya ulendo imene anthu amavala zaka zambiri, ndipo kampani yake imakonza ndi kusintha soli. Imapezekanso ya mapazi otakata. Ndikutchula zotakata chifukwa ambirife tinakula tikuyenda opanda nsapato, mapazi athu ndi otambalala kutsogolo, pamene jombo zambiri za ku Italy zimaumbidwa mopanikiza. Alpinestars ali ku Asolo, Sidi ali ku Maser, onsewo dera limodzi la pafupi ndi Montebelluna, ndipo kaumbidwe kawo sikafanana ngakhale nambala ili imodzi. Sidi kawirikawiri ndi yopanikiza kuposa inzake. Musagule pa intaneti musanayese.

Mayi a ku Leeds: Ndipo manambala asakusokonezeni. Ku South Africa ndi kumudzi tinazolowera a UK, 7, 8, 9, pamene jombozi zimalembedwa a ku Ulaya. UK 8 ndi pafupifupi 42, UK 9 pafupifupi 43, koma kampani iliyonse ili ndi tebulo lake. Kayeseni madzulo mapazi atatupa kale, mutavala sokosi zimene mudzayendere, mapazi onse awiri chifukwa limodzi limakhala lalikulupo. Mukhale nazo kumapazi kwa kanthawi m'shopumo, munjute, mukwere masitepe. Pamene pakupweteka m'mphindi khumi padzakhala bala pofika ku Musina. Chikopa chimatambasuka pang'ono, koma pulasitiki sitambasuka.

Makanika wa ku Chipata: Mupite ndi njinga yanu ku shopu, muwapemphe mukhale pa njinga mutavala. Muone ngati phazi likulowa pansi pa chosinthira giya osakweza bondo. Mukagula, sinthani kutalika kwa chosinthira giya ndi buleki yakumbuyo kuti zigwirizane ndi jombo yatsopano, osadikira kukazindikira pa bwalo.

Bambo a Tadala (Tembisa): Nanga suti? Ndikabwereka yachikopa kwa mnzanga. Jombo ikhale kunja kapena mkati?

Nangozo (Centurion): Masuti ambiri amathina kumunsi kuti alowe mkati mwa jombo, ndiye jombo imakhala kunja. Tengani sutiyo popita kukayesa, chifukwa chikopa ndi chotetezera msongolo cha mu suti zimakulitsa mwendo, ndipo anthu a katumba wamkulu zipi imakana kutseka. Zolowa mkati mwa suti zija zimafuna suti yosokedwera zimenezo, musazigule mwangozi.

Mdala wa GS (Randburg): Chabwino, ndikuona kumene gulu likupendekera, ndipo sindikana kuti chogwira akakolo ndi chinthu chenicheni. Koma a bambo a Tadala, mukasankha yapakatiyo, musakaivale koyamba tsiku lonyamuka. Muziyendera kuntchito milungu yonse yatsalayi kuti iphunzire phazi lanu. M'chikwama muikemo nsapato zopepuka zovala madzulo ndi kumudzi. Pa maboda musavule, chifukwa mudzafunika kusuntha njinga nthawi iliyonse mzere ukayenda.

Nangozo (Centurion): Pamenepo tagwirizana madala. Ine ndinakakamira pa chinthu chimodzi: kusamva bwino poyenda wapansi kuli ndi mankhwala, nsapato zina m'chikwama. Akakolo osatetezedwa alibe chowonjezera chimene mungatenge m'chikwama.

Wosoka Nsapato (Limbe): Mukafika kuno itanyowa, musaiyanike pa mbaula kapena pafupi ndi moto, abale kumudzi amachita zimenezi mwachikondi. Kutentha kumasungunula guluu ndipo chikopa chimauma n'kusweka. Chotsani kasoli kamkati, mufwatikemo nyuzipepala, muziisintha ikanyowa, jombo ikhale pamthunzi podutsa mphepo. Matope a katondo muwatsuke tsiku lomwelo ndi madzi ndi kaburashi, makamaka mu zipi, chifukwa mchenga ndi umene umapha zipi.

Bambo a Tadala (Tembisa): Zikomo kwambiri nonse. Loweruka ndipita kukayesa zapakatizo, yosalowa madzi yokhala ndi chogwira akakolo ndi ma slider, nditanyamula suti ndi thalauza la mvula. Ndikapeza kuti zonse zikundipanikiza phazi ndibweranso pano. A Nangozo, mudzakhalako ku Zwartkops tsikulo?

Nangozo (Centurion): Ndidzakhalako, gulu lapakati. Mudzafike m'mawa kwambiri chifukwa amayamba ndi kuyendera njinga ndi kufotokoza malamulo a mbendera, ndipo wosamvera nawo samulola kulowa. Mudzandipeze ndidzakuonereni m'mene mukupondera.

Bambo a Tadala (Tembisa): Achimwene a ku Mchesi, nsapato zanga za kuntchitozi ndi zazitali, zikadali zolimba, ndipo kampani itipatsa zina chaka chikamatha. Ndi nambala 8. Mumavala nambala yanji?

Achimwene a Kabaza (Mchesi): Bwana, 8 yomweyo, nthawi zina 9 malinga ndi nsapato yake. Koma inu mukuthera ku Blantyre, ine ndili ku Lilongwe.

Wosoka Nsapato (Limbe): Adzazisiye kwa ine ku Limbe, ndidzaone soli ndi kusokera kachikopa ka giya, kenako tidzazikweze basi. Achimwene a ku Mchesi, pondani pa pepala mutavala sokosi, wina ajambule mozungulira phazi, muyeze ndi rula kuchokera ku chidendene mpaka chala chachitali, munditumizire masentimita ake ku inbox. Zikakhala zazikulu pang'ono ndidzaikamo kasoli kena mkati.

Achimwene a Kabaza (Mchesi): Ndiyeza usiku uno ndikaweruka. Rula ndibwereka ya mwana wa sukulu.